Tchuthi Changa cha ku Skotilandi ndi Bodza la aNamachero

Ana anga, mutu uno ndakhala ndikuzengereza kuulemba chifukwa ndikangouganiza magazi amathamanga, ndipo adokotala anandiletsa kupsa mtima. Koma ndaona kuti ndikafa osaulemba mudzangomva za pamaliro, abusa akunena kuti malemuwa anali munthu wofatsa, wodzipereka, wosadziwa kudandaula. Bodza limenelo ndikulikaniratu ndikadali moyo. Ndinadandaula, ndipo ndikudandaulabe. Nkhani yake ndi ya tchuthi chimodzi chimene ndinachifuna ndi mtima wanga wonse pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya uzamba. Ndinkafuna kukakhala pambali pa mwana wanga Temwa pobereka mwana wake woyamba ku Skotilandi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: Nkhamanga

Nditamaliza sukulu ya unamwino ndi uzamba ananditumiza kumpoto. Kwathu ku Dedza amayi analira ngati ndikupita kundende. Ndinatsika lole pa chigwa cha Nkhamanga ndi sutikesi ya malata ndi mbaula, Chitumbuka osadziwa ngakhale moni. Mayi woyamba amene ndinamuthandiza ankakuwa m'chilankhulo chake, ine n'kumamulimbikitsa m'changa, tonse osamvana, koma mwana anabadwa bwinobwino.

Bwana wanga woyamba anali aNyaMkandawire, mzamba wachikulire wophunzira ku mishoni ku Khondowe, wa yunifolomu youma ndi sitachi, wosaseka ndi munthu. Ankatiyendera zikhadabo ngati ana a sukulu. Zinthu zinkasowa kwabasi masiku amenewo. Magolovesi tinkawachapa, kuwawiritsa, kuwayanika pachingwe n'kuwavalanso mpaka ang'ambike. Malezala amayi ankabwera nawo okha. Koma pa zonse zimene anandiphunzitsa, chachikulu chinali lamulo limodzi, loti mzamba sachoka pamalo pake mnzake wolowa m'malo asanafike n'kulandira makiyi m'manja. Ankati ngakhale kwanu kugwe maliro, uyambe wapereka makiyi. Ndinkawaona ngati munthu wouma mtima, koma lamulolo iwo ankalisunga mbali zonse ziwiri. Ngati wakulonjeza wolowa m'malo Lachiwiri, Lachiwiri lomwelo munthu ankafika, ndipo akasowa munthu ankabwera iwo eni pa njinga yawo yakuda.

Kumeneko ndiko ndinakumana ndi bambo anu, a Gondwe, akuphunzitsa pa sukulu ya pulayimale. Nthawi yanga yobereka Temwa itayandikira, aNyaMkandawire anabwera kudzatenga makiyi tsiku limene ananena. Amayi anga nawo ananyamuka ku Dedza ndi thumba la ufa pamutu, munthu wosadziwa kuwerenga, wosakwerapo basi ya ulendo wautali, n'kufika mapazi atatupa. Ine mzamba wa satifiketi ndinasanduka mwana m'manja mwawo. Ankandithowa madzi otentha m'mawa uliwonse, kundiphikira phala, kusambitsa khanda, kundikalipira ndikafuna kudzuka kukasesa. Anakhala mpaka tinatuluka m'chikuta. Potsanzika anandiuza kuti zimene andichitirazi si zoti ndiwathokoze, ndidzangomuchitira mwanayu nthawi yake ikadzakwana.

Zaka za m'ma 1990 ndi 2000: pa boma, kenako kunyanja

Anandisamutsira pa boma, ndipo kumeneko kunabwera mtsikana wina wongotuluka kumene kusukulu. Anali wochenjera, wa pakamwa potsekemera, koma manja ake ankanjenjemera akaona magazi. Ndine ndinamuphunzitsa kufufuza mimba ndi manja kuti adziwe mmene mwana wagonera. Ndine ndinamuphunzitsa kusoka. Atakwatiwa, mwana wake woyamba ndinamulandira ndi manja anga awa. Kenako anapita kukawonjezera maphunziro, anabwerako ndi digiri, ndipo posakhalitsa anali matroni wathu, wotiyang'anira tonse. Dzina lake sindilemba chifukwa ana ake ndi anthu abwino. Ife tinkamutcha aNamachero, chifukwa chilichonse ukapempha, kaya mankhwala, kaya galimoto, kaya siginecha, yankho linali limodzi, namachero, ndiye kuti mawa.

Nthawi imeneyo kunali kutabwera matenda atsopano otchedwa wekishopu. Mabungwe akunja ankaitanitsa anthu ku hotela ku Mzuzu sabata yathunthu, kudya nkhuku masana ndi madzulo, kumwa zoziziritsa kukhosi, pomaliza envelopu ya alawansi m'thumba. Sindikunena kuti kuphunzira n'koipa, ayi. Koma mayina opita anali omwewo omwewo, anthu oti papita zaka osagwira mimba ya munthu, akukaphunzira kubereketsa pa chidole cha pulasitiki, ife otsala tikugawana ntchito ya m'wodi ya anthu anayi tili awiri. Tsiku lina pamsonkhano ndinaimirira n'kunena zimenezi mosapsatira. Anthu anaweramitsa mitu. ANamachero anamwetulira n'kuthokoza chomene chifukwa cha maganizo anga abwino. Mwezi usanathe ndinalandira transifa yopita ku kachipatala ka kunyanja, mbali ya Mlowe. Ati akundikweza kuti ndikakhale mkulu wa azamba. Mkulu wa ndani? Mzamba ndinali ndekha.

Mukudziwa inu mmene kulili kumeneko. Msewu wochokera pa Chiweta ndi wafumbi, ndipo mvula ikalimba timitsinje totsika m'mapiri timaudula. Amayi ena ankabwera pa bwato kuchokera kumidzi yopanda msewu, n'kudzakhala m'chidikiro kudikira tsiku lawo. Ondithandiza anali aNyaHarawa, mayi wosesa ndi kuwiritsa zipangizo, wa mphamvu ngati mwamuna. Panalinso mnyamata wa zachipatala woona matenda ena, koma iyeyo ankakhala pamsewu kuposa pantchito. Netiweki ya foni inkapezeka pa kaphiri kuseri kwa chipatala, pansi pa mtengo wa mango. Bambo anu anamwalira tili komweko. Temwa anatsata ntchito yanga ya unamwino, anakwatiwa ndi Yohane, ndipo mwayi utapezeka anapita onse ku Skotilandi. Ndinamuperekeza ndi mtima umodzi, chifukwa ndinkadziwa zimene akuthawa.

Ogasiti mpaka Disembala, kutatsala zaka zochepa kuti ndipume

Temwa anandiimbira mu Ogasiti. Anazungulirazungulira za nyengo ndi za kutchalitchi, kenako ananena motsitsa mawu kuti ali ndi pathupi, ndipo masiku ake agwera mu Januwale. Ndinavina ndekha pansi pa mango paja. Anati iye ndi Yohane akhala akusunga kangachepe kuti andigulire tikiti ya ndege, ndipo ndikakhale miyezi iwiri. Ndinamuuza kuti ngakhale akanapanda kundiitana ndikanabwera wapansi.

Sabata yomweyo ndinakwera kupita pa boma kukapempha tchuthi. Masiku anga a tchuthi anali ataunjikana zaka ndi zaka chifukwa kunalibe wondilowa m'malo. ANamachero anandilandira ndi manja awiri, kundiitanitsira tiyi, kundiyamikira kuti ndikhala agogo. Anati palije suzgo, ndiye kuti palibe vuto, anditumizira namwino wina wachitsikana wa pa boma, wodziwa uzamba, Khirisimasi isanafike kuti tidzakhale limodzi masiku angapo ndisanamusiyire makiyi. Ndinawafunsa kawiri ngati akunenetsa, chifukwa Januwale ndi mwezi wa mvula, malungo ndi ana obadwa ambiri. Anagwira pachifuwa n'kunena kuti sangaiwale munthu amene anawabereketsa. Ine chitsiru ndinakhulupirira.

Ndiye ndinayamba kuyenda. Pasipoti ndinaiyendera ku Mzuzu mpaka nsapato zinatha, ulendo uliwonse kunyamuka Loweruka kapena kupempha mnyamata uja kuti andionere amayi tsiku limodzi. Viza inali ku Lilongwe. Kumeneko amafuna kudziwa zonse, kuti ukukatani, ukagona pati, akakudyetsa ndani, ndipo chachikulu, chimene chidzakubweze kwanu. Ankafuna umboni wochokera kuntchito woti ndili pa tchuthi ndipo ndidzabwerera. Siginecha imodzi yokhayo ndinamva namachero mpaka makutu anawawa, koma pomaliza inatuluka, ndipo viza anandipatsa.

Za pogona zinatizunguza mitu. Nyumba ya Temwa inali m'mwamba mwa nyumba ina, chipinda chimodzi chogona, pabalaza pang'ono, bafa ndi chimbudzi pamodzi. Temwa anati ine ndizigona naye kuchipinda, Yohane pa sofa. Ndinamufunsa ngati kuzizira kwamuumitsa mutu. Ine ndizituluka m'bafa ndi chitenje pachifuwa, mkamwini wanga ali gone pakhomo pomwepo? Ndizichapa nsalu za chikuta iye akuyang'ana? Temwa anaseka n'kunena kuti kumeneko zimenezo kulibe. Ndinati kumeneko kulibe koma ine ndikubwera nazo. Yohane, mwana woleredwa bwino, anamva msanga. Anakapempha malo kwa mnzake wa kutchalitchi kuti azikagona kumeneko, azingobwera kudzadya ndi kudzaona mwana. Kuyambira pamenepo ndinayamba kumuona kuti ndi munthu.

Za kuzizira ndinkadzitama. Ndinkati ine ndi wa ku Dedza, ndinakulira m'chisanu cha Juni, ndakhalapo ku Khondowe nkhungu itatseka, mundiuza chiyani? Temwa anati, Amama, kuzizira kwa Dedza kuno ndi chilimwe. Anandiuza kuti mu Januwale dzuwa limatuluka mochedwa n'kulowa anthu asanaweruke, madzi amaundana m'misewu moti munthu umayenda ngati bakha kuopa kuterereka, ndipo kumagwa chipale choyera chimene iye ankangoti sinoo. Ndinapita pa kaunjika ku Mzuzu n'kugula chijekete chofika m'maondo, nsapato zachimuna za ubweya m'kati, chipewa, masokosi ndi magolovesi oluka. Nditafika nazo kunyanja mu Novembala, kukutentha koti nsomba zimauma tsiku limodzi, aNyaHarawa anandikakamiza kuti ndivale zonse aone. Ndinatuluka pakhonde thukuta lili kamukamu, amayi a m'chidikiro anaseka mpaka wina ndinaopa kuti abereka pomwepo.

Njira yonse Temwa anandiloweza ngati katekisimu. Matola mpaka pa Chiweta, basi mpaka Lilongwe, kugona kwa mwana wa achimwene, ndege mpaka ku Addis Ababa, kumeneko osagona tulo pampando koma kufunsa anthu a yunifolomu chipata cha ndege yachiwiri, ndipo ndikatsika Yohane adzakhala akudikira. Anandichenjeza kuti tikitiyo ndi yotsika mtengo, yosasinthika, ukaiphonya yapita. Anandiletsanso kunyamula usipa kuti akandilanda pa bwalo la ndege. Ndinavomera, koma ndinaukulunga m'mapepala n'kuulowetsa m'nsapato zija. ANyaHarawa anandisinjira ufa wa kondowole. Ndinagula zitenje zatsopano zoberekera mwana, n'kuzichapa kuti zifewe. Disembala isanafike pakati, sutikesi inali itatsekedwa kale pakona.

Khirisimasi inafika, wolowa m'malo osaoneka. Ndinakwera kaphiri kaja n'kuimba. ANamachero anati galimoto ilibe mafuta, namachero. Ndinaimbanso. Anati mtsikanayo wapita kukadya Khirisimasi kwawo, akangobwera anyamuka. Chaka chatsopano chinadutsa. Tsiku lililonse ndinkakwera kaphiri kaja mvula ikundinyowetsa, tsiku lililonse namachero.

Januwale

Tsiku lonyamuka linakwana. Kuti ndipeze ndege ndinayenera kuchoka m'mawa umenewo, panalibenso mawa lina. Mvula inali itagwa masiku otsatizana, mtsinje wa pafupi ndi chipatala unali utadzadza moti magalimoto ankathera tsidya lina, anthu n'kumawolotsedwa ndi anyamata ogwirana manja. Ndinakwera kaphiri n'kuimba ku ofesi, osayankha. Ndinaimbira dalaivala wa ambulansi kumufunsa ngati wanyamuka ndi mtsikana uja. Iye anadabwa. Anati kodi simukudziwa? Anali atawatula ku Mzuzu Lamulungu, aNamachero, mtsikanayo, ndi mnyamata wathu wa zachipatala yemwe anali atandinamiza kuti wapita kukatenga mankhwala. Onse anali ku hotela, ku wekishopu ya sabata yathunthu. Ndinamufunsa kuti ya chiyani. Anati ya uchembere wabwino.

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Kenako ndinaimba foni ya m'manja ya aNamachero. Anayankha, ndipo kumbuyo ndinkamva masupuni akugunda makapu.

"A Matroni, ine ndikunyamuka lero. Makiyi ndimusiyire ndani?"

"Amama, palije suzgo. Dzina la mtsikanayu linalowa mwadzidzidzi, sindikanachitira mwina. Wekishopu ikangotha abwera. Inu sinthani tikiti."

Ndinawauza kuti tikitiyo siisinthika, ndipo iwo ankadziwa zimenezi kuyambira kalekale chifukwa ndinawauza ndi pakamwa panga mu ofesi mwawo. Anapumira m'mwamba ngati ndikuwatayitsa nthawi.

"Komatu amama, mwana wanu ali kwa azungu. Zipatala za kumeneko si zathu zino. Inu mukakachitako chiyani chimene iwo sangachite?"

Ana anga, m'moyo wanga ndatukwanidwapo ndi amuna oledzera, ndalavuliridwapo ndi amayi a m'matenda, koma palibe mawu amene anandiwotcha ngati amenewo.

"Inu pobereka mwana wanu woyamba munali pa boma, madokotala ali pomwepo, magetsi akuyaka, ine ndili pamiyendo panu. Nanga n'chifukwa chiyani munkakuwa kuitana amama anu?"

Apo mawu awo anasintha, kutsekemera konse kunatha. Anati ndisaiwale kuti ndikachoka osapereka makiyi kumeneko ndi kuthawa ntchito, ndipo munthu wotsala pang'ono kupuma aziganizira penshoni yake. Ndinadula foni ndisanalankhule zoti mpingo ungandidule.

Ndikuuzeni zoona, penshoni sinandiopse ngakhale pang'ono. Ndinatsika kaphiri nditatsimikiza kuti ndikupita, makiyi ndiwaponya patebulo, aliyense adziwe zake. ANyaHarawa atamva analavula pansi, n'kusenza sutikesi pamutu. Anati, "Lutani waka, amama, pitani basi. Mwawagwirira ntchito anthu amenewa mokwanira." Tinayenda mpaka pamtsinje. Tsidya lina matola inali italiza kale injini, kondakitala akukuwa kuti Chiweta, Chiweta. Anyamata owolotsa anali atagwira kale sutikesi.

Koma m'chidikiro ndinali nditasiya amayi angapo, ndipo mmodzi anali mtsikana wamng'ono, wa mimba yoyamba, amene anabwera pa bwato ndi amayi ake. Mapazi ndi nkhope zinali zitatupa, mutu unkamuwawa, magazi ankathamanga kwambiri. Mzamba aliyense amadziwa kumene zimenezo zimathera. Ndinali nditapempha ambulansi kuti imutenge, koma ambulansi inali yotanganidwa kutula anthu ku hotela, kenako mtsinje unadzadza. Amayi a mtsikanayo anatitsatira mpaka pamtsinje. Sanalire, sanagwade, sanandigwire chitenje. Anangoima pambali ndi manja kumbuyo n'kufunsa aNyaHarawa, osati ine, kuti kodi a sisita akapita pakhala ndani. ANyaHarawa anayang'ana kumbali.

Ndinaima pamenepo madzi akuwomba m'miyala. Ndinkaona Temwa ali yekha m'nyumba ya m'mwamba, ndipo ndinkaonanso mtsikana uja akukomoka pa mphasa popanda munthu wodziwa kubaya jakisoni. Temwa anali ndi madokotala, uyu analibe aliyense. Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti aNamachero ankadziwa kuti ndidzaganiza chonchi. Ankandidziwa bwino, ndine ndinawaphunzitsa. Akanakhala kuti akuopa kuti ndichokadi, mtsikana wolowa m'malo akanamutumiza. Anawerengera kuti mayi wa ku Dedza uja sangasiye wodwala, ndiye bwanji osadya alawansi. Anandidyera masuku pamutu chifukwa cha khalidwe langa lomwe.

Ndinauza anyamata kuti atsitse sutikesi. Kondakitala anakuwanso, kenako matola inanyamuka. Musanditamande, ana anga. Sindinabwerere ndi mtima wa mngelo. Ndinabwerera ndikutukwana njira yonse m'Chichewa ndi m'Chitumbuka chomwe, misozi ili chuchuchu, aNyaHarawa akunditsatira ndi sutikesi.

Masana amenewo ndinakwera kaphiri kukamuuza Temwa. Ndinafotokoza zonse, za wekishopu, za mtsinje, za mtsikana uja. Iye ndi namwino, ankadziwa tanthauzo la kutupa kuja kuposa aliyense. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangoti wamva, n'kunena kuti Yohane anali atatenga kale zofunda zake kupita nazo kwa mnzake uja, akamuuza akazitenge.

Mtsikana uja anayamba matenda patapita masiku ochepa. Anakomokadi, ndinamubaya mankhwala amene ndinali nditabisa m'kabati, tinalimbana naye ine ndi aNyaHarawa tsiku lonse, ndipo anapulumuka pamodzi ndi mwana wake. Amayi ake anandibweretsera nkhuku. Ndinailandira, koma musaganize kuti inanditonthoza.

Temwa matenda anamuyamba m'mawa wina sinoo itatseka misewu. Anavutika nthawi yaitali, pomaliza anamung'amba. Mdzukulu wanga Khumbo anabadwa wamoyo, ndikuthokoza Mulungu. Koma masiku ochepa okha anawatulutsa m'chipatala, Yohane anabwerera kuntchito chifukwa kumeneko ukapanda kugwira sudya, ndipo mwana wanga anatsala yekha m'mwamba muja ndi bala pamimba, kunja kuli mdima masana, wopanda womuphikira phala, wopanda womuthowa, wopanda womulandira khanda kuti atseke maso. Azungu aja anachita zawo zonse bwinobwino. Zimene anandifunsa aNamachero kuti ndikachitako chiyani ndi zimenezi.

Pambuyo pake

Wolowa m'malo anafika Januwale ikutha, atanyamula chikwama chatsopano cha ku wekishopu chojambulidwa mayi woyamwitsa akumwetulira. Anagwada n'kupepesa, ndipo iyeyo sindinamusungire kanthu, anali mwana wongotumidwa. Tchuthi anandipatsa tsopano, miyezi iwiri yathunthu yokhala pakhonde. Tikiti ina inalibe poichokera, ana anali atathera pa yoyamba ija ndi pa khanda, ndipo viza inatha ili m'sutikesi. ANamachero sanapepese mpaka lero. M'malo mwake pamsonkhano wina ananditchula ngati chitsanzo cha mzamba wodzipereka amene anasiya ulendo wa kunja chifukwa cha odwala, anthu n'kuwomba m'manja. Ndinanyamuka n'kutuluka iwo akulankhula.

Nditapuma ndinati tsopano palibe wondigwira mwendo. Ndinapemphanso viza, anandikana. Ndinayesanso, anandikananso. Ati popeza sindili pantchito ndipo ndine wamasiye, palibe chimene chidzandibweze kwathu. Ndiye onani, ndili pantchito ntchito inanditsekera njira, nditaisiya akuti popanda ntchito sindingapite. Nawonso a Temwa mapepala awo ndi mitengo ya ndege sizinawalole kubwera ndi mwana mpaka pano.

Koma chimene chimandidzutsa mtima si viza. Ndi foni imene Temwa anandiimbira Khumbo ali ndi masiku owerengeka. Anatumiza uthenga kuti ndikwere kaphiri, ndipo ndinathamanga ndikuganiza kuti bala latupa. Nditayankha anali akulira ngati kamwana.

"Amama, mchombo wagwa. Ndaupeza m'thewera."

Ndinamufunsa msanga ngati pamalopo pali pouma, ngati sipakununkha. Anati zonse zili bwino, zimenezo akuzidziwa. Chimene sakudziwa n'chakuti autani. Mzamba wa kumeneko amene ankabwera kudzawaona anamuuza kuti angoutaya m'bini. Koma Temwa dzanja linakana. Ankadziwa kuti kwathu mchombo satayira pamodzi ndi zinyalala, amautenga agogo a mwana n'kukaukwirira pamalo podziwa iwo okha. Wa Temwa mwini anaukwirira amayi anga ku Nkhamanga, ndipo ngakhale ine sanandiuze malo ake. Temwa anati anatsika masitepe atagwira pamimba, ndi supuni m'manja, kuti akakumbe kuseri kwa nyumba. Pansi panali pouma gwaa ndi chisanu, supuni inapindika, ndipo malowo ndi a mwini nyumba, oimikapo magalimoto.

Ndinamuuza kuti aukulunge pa kansalu koyera, aumange bwino, ausunge pouma. Ndinati ndidzaukwirira ndekha ndikadzabwera.

"Amama, ndisunga. Koma musanene kuti mudzabwera."

Khumbo tsopano amawerenga yekha, ndipo tsiku lina adzawerenga izi. Ndimamudziwa pa galasi la foni, amandipatsa moni wa Chichewa chophotchoka n'kuthawa kukasewera. Sindinamugwirepo. Kansalu kaja amayi ake akukasungabe m'kabati ya zovala, anasamuka nako nyumba ziwiri, ndipo ine sindinawauze kuti akataye.